MLONDA NAYENSO NDI MUNTHU, AMAFUNA TULO

Pa Msika wa Lundazi pali nchito zimene makolo anazidziwa bwino, monga kugulitsa nshawa, nyemba, kapenta ndi makasu. Palinso nchito ina yobwera m'zaka zino, imene palibe gogo anailota. M'mbali mwa njira zolowera mumsika mwandanda tinyumba tating'ono topakidwa utoto wofiira, wacikasu ndi wobiriwira, timene anthu amati ma booth. M'menemo mumakhala anyamata ndi atsikana otumiza ndi kulandira ndalama pa lamya za m'manja, kupyolera m'makampani a Airtel, MTN ndi Zamtel. Mlimi akagulitsa soya wake, ndalama zimalowa m'lamya. Mwana amene ali ku Kitwe akakumbukira amai ake, ndalama zimafikira m'lamya. Ngakhale nkhalamba zina zolandira cithandizo ca Boma zimadziwa kuti tsiku la malipiro lakwana pakumva kulira kwa lamya.

Pamene pali nkhokwe pamafika mbala. Cuma citacoka m'mphika wokwiriridwa pansi pa kama ndi kulowa m'lamya ndi m'makompyuta, mbala nazo zinasamuka. Sizithyolanso citseko kapena kuboola khoma. Zimabwera ndi uthenga wolembedwa mwaulemu, kapena ndi liu lokoma pa lamya. Comweco pabadwa mtundu watsopano wa alonda, opanda nthungo kapena cibonga, amene zida zao ndi maso ndi ubongo basi. Za mbalazo zimalembedwa kawirikawiri ndi kuulutsidwa pa wailesi. Za alondawo, ndi kutopa kumene kukuwadya mwakacetecete, zimamveka pang'ono. Nkhani ya ana awiri a mai wina wamasiye wa m'dziko la Mfumu Mwase isonyeza kukula kwa bvutoli.

MTSIKANA WA PA ZENERA

Wamng'ono mwa awiriwo ndi mtsikana amene, atatsiriza Grade 12, anapeza nchito m'kanyumba kamodzi ka pamsikapo. Kanyumbako si kake. Mwini wake ndi wamalonda wina amene ali ndi tinyumba tinai m'tauni. M'zaka zake zoyamba mtsikanayo ankatsegula ola la 6 m'mawa natseka ola la 7 madzulo, kuyambira Lolemba kufikira Ciweru, ndipo pa Sondo ankatsegula anthu akatuluka ku mapemphero. Nsima ankadyera momwemo, dzanja lina ku mbale, lina ku lamya.

Wongodutsa angayese kuti ndi nchito ya ulesi, pakuti mwanayo wangokhala pa mpando, pamthunzi, nabayabaya lamya ndi cala. Koma ali yense wofika pa zenera amadza ndi mayeso ake. Wina aonetsa uthenga pa lamya yake wonena kuti watumiza K800, nafuna ndalamazo m'manja msanga cifukwa basi ya ku Chipata iri kunyamuka. Uthengawo ufanana ndi weniweni m'zonse, koma ndi wopeka, ndipo mtsikanayo akapanda kuona yekha m'lamya ya nchito ngati ndalamazo zalowadi, wataya. Wina aimba lamya nadzicha mkulu wa ku likulu la kampani, nanena kuti makina akukonzedwa, comweco abaye manambala akutiakuti. Manambalawo ndiyo njira yotumizira kwa mbalayo ndalama zonse za malonda, zimene amati float. Ena abwera awiri, wina namcezetsa pamene mnzake asinthanitsa lamya. Palinso ndalama zacinyengo. Kuyambira pa 31 March 2025, pamene Banki Yaikulu ya Zambia inatulutsa ndalama zatsopano, pali pepala la K200 ndi la K500, ndipo pepala limodzi lonyenga la K500 lingadye malipiro a masiku ambiri.

Cobvuta koposa ndi nkhalamba. Agogo afika ndi lamya yomangidwa m'kansalu, naipereka pamodzi ndi nambala yao ya cinsinsi, PIN, pakuti maso aleka kuona bwino. Ena afika wefuwefu atalandira uthenga wakuti mwana wao wamangidwa ku Lusaka, kapena kuti apata mwai wa fataleza ndipo atumize K150 yolembetsera dzina. Mtsikanayo adziwa kuti ndi bodza. Awadandaulira m'Citumbuka kapena m'Cinyanja, nati, "Agogo, yambani mwamuimbira mwana wanuyo, mumve liu lake." Ena amamva. Ena amakwiya, namuyesa mwana wamwano wofuna kuwatsekera mwai. Mwambo unamphunzitsa kukhulupirira akulu ndi kulandira mlendo, koma nchito imamlamula kukaikira munthu ali yense, ngakhale wa mpingo umodzi, uku akumwetulira. Madzulo mwini kanyumba awerenga ndalama, ndipo zikaperewera amazidula pa malipiro a mwezi.

MNYAMATA WA KU LUSAKA

Mlongo wake wamkulu ndiye amene mudzi wonse unkamnyadira. Anaphunzira ku sekondale ya Lundazi, napita ku Copperbelt University ku Kitwe kukaphunzira za makompyuta, ndipo pambuyo pake analembedwa nchito ndi kampani ina ya za ndalama mu Lusaka. Kumudzi ankati ali pa ofesi, amabvala tayi, sadziwa thukuta. Koma nchito yake inali yofanana ndi ya mlongo wake. Kusiyana kunali kwakuti zenera lake linali kompyuta, ndipo ofika pa zeneralo anali osaoneka, ocokera ku maiko onse a dziko lapansi.

Makompyuta a banki kapena a kampani yotumiza ndalama ali ngati mudzi wa nyumba zambiri zolumikizana, wokhala ndi makomo zikwizikwi. Usana ndi usiku anthu osadziwika amayesa makomowo limodzilimodzi, kuona ngati lina laiwalika losatseka. Pali makina oikidwa kuti azilira akaona cacilendo, monga munthu woyesa PIN yolakwika kambirimbiri, kapena ndalama zoculuka zoyenda pakati pa usiku. Koma makinawo ali ngati galu wouwa tsamba liri lonse logwa. Amalira kosaleka, ndipo kulira kwambiri kumakhala kwacabe. Mlonda ayenera kudzuka pa kuuwa kuli konse, pakuti sadziwa nthawi imene fisi weniweni wafika pa khola.

Pa nchitoyo anayenera kukhala anthu asanu ndi mmodzi, koma anatsala atatu, pakuti odziwa nchito imeneyi ndi ocepa ndipo amakokedwa ndi malipiro abwino kwina. Lamya ya nchito inkagona pa mtsamiro pake. Kukonza makina kumacitika usiku, pamene eni ndalama agona, ndipo m'mawa mwake afunikabe pa ofesi. Mbala zimakonda Ciweru, Sondo ndi masiku a Khrisimasi, podziwa kuti alonda acepa. Mbala ikalephera kazana siitaya kanthu, ikapambana kamodzi yalemera. Mlonda akapambana kazana palibe amene adziwa, pakuti palibe cimene cacitika, koma akalephera kamodzi dzina lake limveka m'maofesi onse.

Mantha a alonda otere si a m'maloto. Pa 9 May 2022 makina ena a Banki Yaikulu ya Zambia anasokonezedwa ndi gulu la mbala lochedwa Hive. Macitidwe a magulu otere ndiwo kulowa m'makompyuta, kutseka zolembedwa ndi loko wao, ndi kuuza mwini kuti alipire ndalama zambiri, monga munthu wotseka nkhokwe ya mnzake namgulitsa mfungulo. Banki inakana kulipira, ndipo akatswiri ake anabwezera makinawo m'malo. Kuciyambi kwa 2024 dziko la Malawi linakhala milungu ingapo osatulutsa mapasipoti, ndipo mu February Mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a mapasipoti analowedwa ndi mbala zofuna dipo, ndi kuti Boma silidzalipira. Mu May 2017 kacirombo ka m'makompyuta kochedwa WannaCry kanafalikira m'maiko oposa 150 m'masiku owerengeka, kotero kuti zipatala zina za ku Britain zinabweza odwala.

Mbala zina ziri pafupi ndithu. Mu April 2024 a Drug Enforcement Commission pamodzi ndi apolisi anazinga nyumba ina ku Roma mu Lusaka, nagwira anthu 77 ndi makhadi a lamya oposa 13,000. Ambiri mwa ogwidwawo anali acinyamata a dziko lino olembedwa nchito yonyenga anthu pa intaneti, ndipo mu June caka comweco alendo 22, ambiri a iwo a ku China, anapatsidwa zaka za m'ndende kuyambira 7 kufikira 11. Kuseri kwa nkhani iri yonse yotere kumakhala alonda ocezera usiku pa makompyuta, amene maina ao salembedwa m'nyuzi.

KUPSA KOPANDA MOTO

Kutopa kwa mlimi wobwera ku munda kumatha ndi nsima ndi tulo ta usiku umodzi. Pali kutopa kwina kumene tulo ta usiku umodzi sitikucotsa. M'Cingerezi amati burnout, ndiko kunena kupsa kufikira kutsala phulusa. Dzinali linachuka mu 1974, pamene Herbert Freudenberger, katswiri wa za maganizo wa ku New York, analemba za anzake odzipereka pa kacipatala kothandiza osauka, amene anayamba nchito ndi cangu cacikulu koma pang'onopang'ono anazilala. Mu 2019 Bungwe la Zaumoyo la Dziko Lonse, WHO, linafotokoza bvutoli monga cipatso ca nkhawa ya pa nchito yokhalitsa imene sinasamalidwe. Bungwelo sililiwerenga monga nthenda pa lokha, koma linachula zizindikiro zake zitatu. Coyamba ndi kutha mphamvu. Caciwiri ndi kuipidwa ndi nchito, mtima nuuma ndi kutalikira kwa anthu amene munthuyo awatumikira. Cacitatu ndi kuleka kuigwira bwino nchito imene kale ankaidziwa.

Cifukwa cake ciri m'thupi momwe. Munthu akakumana ndi njati m'chire, mtima umagunda msanga, magazi amathamanga, tulo ndi njala zimathawa. Thupi linapangidwa kuti licite zimenezi kwa mphindi zocepa, kenaka lipumule. Mlonda wa makompyuta ndi mtsikana wa pa zenera amakhala ngati aona njati kuyambira m'mawa kufikira usiku, mwezi ndi mwezi. Mu 2021 WHO pamodzi ndi bungwe la za anchito la ILO anafalitsa zimene anapeza, kuti m'caka ca 2016 anthu 745,000 pa dziko lonse anafa ndi nthenda ya mtima ndi ya kufa ziwalo cifukwa cogwira nchito maola 55 kapena kuposa pa mlungu. Mtsikana wa pa Msika wa Lundazi ankagwira maola oposa 80.

Zizindikiro zinayamba pang'ono. Mutu unkamuwawa madzulo ali onse. Usiku ankawerenga ndalama m'maloto, ndipo lamya ya mnansi ikalira ankadzidzimuka. Analeka kupita ku kwaya. Kenaka cinafika cizindikiro caciwiri, cimene ndico coopsa kwa anthu a m'midzi. Analeka kudandaulira nkhalamba. Agogo akabwera ndi uthenga wa bodza, mumtima ankati, "Ndalama ndi zao, atumize." Mwana amene anapulumutsa ndalama za anthu ambiri anasanduka munthu wongobaya manambala.

Mu June 2023, pa nyengo yogulitsa soya, mzere wa anthu unafika mpaka kwa ogulitsa salaula. Ola la 5 madzulo, mtsikanayo atakhala pa mpando maola 11, munthu wina wobvala bwino anaonetsa uthenga wa K3,000, nati galimoto ikumdikira. Iye anawerenga ndalama napereka, osaona m'lamya ya nchito. Lamulo limeneli ankalidziwa, ndipo analisunga kambirimbiri. Tsiku limenelo maso anaona, koma ubongo unali utagona. Mwini kanyumba anati adzadula K500 pa mwezi kwa miyezi 6. Mbala zimazidziwa zimenezi bwino lomwe. Sizibwera m'mawa mlonda ali ndi mphamvu, zimabwera dzuwa litapendeka, mzere uli wautali, anthu akufuula kuti afulumire.

Mu August caka comweco ambuye ao anamwalira, ndipo mnyamatayo anayenda makilomita oposa 700 pa basi kudzalira maliro. Anthu sanamzindikire bwino. Anali ataonda, maso ofiira. Pamene amuna anzake anakhala pa moto, iye anali kuseri kwa nkhokwe ndi lamya ziwiri, kufunafuna pamene mau amveka. Amai ake atamfunsa za cakudya anawayankha mokalipa pamaso pa anthu, cimene sanacitepo cibadwire. Ena anati kunyada kwa m'tauni kwamlowa. Ena anati wayamba camba. Ena ananong'oneza amai ake kuti ansanje amlodza, apite naye kwa sing'anga.

MAU A AMALUME

Mwini mbumba, mlongo wa amai ao, ndi nkhalamba imene inagwira nchito ya ulonda pa mgodi ku Luanshya zaka zambiri. Usiku wa tsiku loika maliro anamuitana mnyamatayo pa yekha.

"Mphwanga, anthu akuti walodzedwa. Ine ndikuona munthu wosagona. Unagona liti tulo mpaka kuca?"

"Sindikumbuka, amalume."

"Ife tiri anyamata tinkalinda nguluwe pa cilindo, monga anzathu a kucigwa kwa Chitungulu ndi kwa Kazembe amalindira njovu. Koma palibe kholo limene linatuma mwana mmodzi kulinda kuyambira cimanga citamasula kufikira kukolola. Wina usiku uno, wina mawa. Wolinda masiku atatu osagona ndiye amene nguluwe zinkadya munda pansi pa cilindo cake. Ku mgodi belu likalira unkapereka ndodo kwa mnzako nupita kukagona, ndipo zocitika pambuyo pake sizinali zako. Nanga iwe ndodo yako umampatsa yani?"

"Palibe, amalume. Ndikanena kuti ndatopa adzati ndine waulesi. Nchito ikatha, amai ndi ana a sukulu adzadya ciani?"

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Wanena wekha kuti muli atatu pa nchito ya anthu asanu ndi mmodzi. Ukagwa iwe atsala awiri, ndipo kampaniyo idzalira koposa amai ako. Pita ukanene, koma usapite wekha."

M'mawa mwake nkhalambayo inasonkhanitsa mbumba yonse, niilamula kuti wofuna cithandizo kwa mnyamatayo ayambe wafika kwa iyo, pakuti inapeza kuti pa mwezi umodzi abale asanu ndi awiri anamuimbira lamya, ali yense ndi bvuto lake la ndalama, wina osadziwa za mnzake. Mwana amene mudzi unamuyesa citsime cosaphwa anali wolindira ndalama za kampani usiku, ndi wosenza mabvuto a pfuko lonse usana.

ZIMENE LAMULO LINENA

Zimene amalume ananena mwa nzeru za cilindo zinalembedwanso m'malamulo a dziko lino. Lamulo la za nchito la 2019, lochedwa Employment Code Act, limati tsiku la nchito ndi maola 8, ndipo wopitirira maola 48 pa mlungu alipidwe ndalama zapadera za maola oonjezerawo. Ngakhale mlonda wa pa cipata lamulo linamuikira malire a maola 60. Wanchito ayenera kupuma tsiku lathunthu pa mlungu uli wonse, ndiponso ali ndi chuthi ca masiku awiri pa mwezi uli wonse umene wagwira. Bvuto ndi lakuti ana ambiri a m'tinyumba ta pamsika amalembedwa nchito ndi pakamwa cabe, ndipo lamya yogona pa mtsamiro palibe amene amaiwerengera maola.

Boma lakhwimitsanso malamulo olanga mbala za pa makompyuta. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lochedwa Cyber Security and Cyber Crimes Act, ndipo mu April 2025 linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri atsopano, lina la citetezo, lina la milandu. Bungwe loyang'anira za lamya ndi makompyuta la ZICTA linatsegula nambala ya *707# kuti anthu azineneza manambala otumiza mauthenga a cinyengo. Zonsezi ndi zofunika. Koma lamulo lolanga mbala silingagoneke mlonda. Zimenezo ziri m'manja mwa olemba nchito, abale, ndi anthu oima pa mzere.

Atabwerera ku Lusaka, mnyamatayo ndi anzake awiri aja analemba m'buku kwa mwezi wathunthu maola amene anagwira, nthawi zimene anadzutsidwa usiku, ndi kulira kwa makina kumene kunapezeka kwacabe. Bukulo analipereka kwa akulu a nchito ali atatu. Akuluwo anadabwa, pakuti ankayesa kuti popeza palibe cinabedwa, ndiye kuti zonse ziri bwino. Anabvomera kuti lamya ya usiku izikhala ndi munthu mmodzi mlungu umodzi, kenaka ipite kwa wina, ndi kuti wocezera usiku asafike pa ofesi m'mawa mwake. Makina ouwa masamba anakonzedwa kuti acepetse phokoso. Munthu mmodzi analembedwa nchito, koma malo awiri anakhalabe opanda anthu. Mnyamatayo atapita ku cipatala anapezeka ndi kuthamanga kwa magazi, kumene anthu amati BP, ali ndi zaka 31 zokha, ndipo amamwa mankhwala kufikira lero.

Za mtsikanayo amalume anapita okha pa njinga kukaonana ndi mwini kanyumba. Ngongole ya K3,000 sinakhululukidwe, ndipo anaibweza yonse. Koma wamalondayo atawerengera ndalama zimene zinatayika m'tinyumba take tinai m'caka cimodzi, anaona yekha kuti zambiri zinatayika madzulo. Tsopano kanyumbako kamatsekedwa ola la 5, pa Sondo sikatsegulidwa, ndipo pa nyengo yogulitsa mbeu amakhalamo awiri, wina kuwerenga ndalama, wina kuyang'ana lamya. Mutu unaleka kuwawa, ndipo nkhalamba zobwera ndi mauthenga a bodza zimamvanso liu lija lakuti ziyambe zaimbira mwana.

MBALI YA ANTHU A M'MIDZI

Anthu a kwa Mwase, kwa Mphamba, kwa Kapichila, ndi ocokera ku Lumezi ndi ku Chasefu angacepetse katundu wa ana amenewa m'njira zosafuna ndalama. PIN ndi mfungulo ya nkhokwe, siiperekedwa kwa munthu, ngakhale wodzicha wa ku kampani. Nkhalamba yosaona bwino ipite ndi mdzukulu wokhulupirika. Uthenga wofuna ndalama msanga uonetsedwe kwa munthu waciwiri ndalama zisanatumizidwe, pakuti akulu anati ici nciani nkulinga muli awiri. Wofika pa zenera adikire modekha pamene mwanayo aona m'lamya yake ndi kupenya pepala la ndalama pa kuwala. Sakumuyesa mbala ai, akusunga lamulo limene mawa lidzateteza ndalama za iye mwini. Amene angathe afike m'mawa, ndipo oima pa mzere aleke kufuula, cifukwa phokoso lao ndilo cophimba ca mbala.

Eni tinyumba ndi akulu a makampani azindikire kuti maola oonjezedwa pa munthu wotopa sabala phindu. Zimene apulumutsa pokana kulemba munthu waciwiri zingathe kupita ndi mbala madzulo amodzi. Wanchito akanena kuti watopa amvedwe msanga, pakuti ndi cenjezo lofanana ndi kulira kwa makina. Ndipo cikacitika colakwa, pafunsidwe za maola amene munthuyo anakhala pa mpando asanapatsidwe mlandu.

Makolo nao, akaona mwana wabwera kucokera ku nchito ali duu, wokwiya msanga, wosadya, wodzidzimuka ndi lamya, asathamangire kunena za ufiti kapena kunyada. Amfunse za tulo take ndi za tsiku limene anapuma komaliza. Amperekeze ku cipatala akapimidwe magazi ndi kukamba ndi a zaumoyo, ndipo ngati ayamba kulankhula zotaya mtima kapena zofuna kudzipweteka, apite naye tsiku lomwelo. Ndalama za cimanga, soya ndi thonje za m'boma la Lundazi zimapita m'manja mwa ana amenewa caka ndi caka, ndipo zimafika bwino kwa eni ake pamene manjawo apumula.